Kanyumba ka alendo ku Venice: ndifunse chiyani ndisanalipire?

Nachisale: Akuluakulu, mu Novembala ndikupita ku Venice ndi mayi anga a zaka 70. Ndapeza kanyumba ka alendo ka zipinda zisanu m'dera la Cannaregio, m'nyumba yakalekale. Zithunzi zake n'zokongola, koma ndifunse chiyani ndisanalipire?

Chatsika: Achemwali, funsani kaye kuti pali milatho ingati kuchokera poima boti la vaporetto kukafika pakhomo. Galimoto zimathera pa Piazzale Roma, sitima ya pamtunda pa siteshoni ya Santa Lucia, kotsalako n'kwa boti ndi miyendo. Mzindawu uli ndi milatho yoposa 400, yambiri ya masitepe, ndiye sutikesi ya matayala imasanduka mtolo wonyamula pamanja. Kwa mayiwo, milatho iwiri ndi malire.

Adiresi yokha isakupusitseni. Kumeneko manambala a nyumba amawerengedwa m'dera lonse, osati mumsewu umodzi, choncho "Cannaregio" ndi nambala sizingakufikitseni. Auzeni akutumizireni dzina la kanjira ndi chithunzi cha chitseko, poti zikwangwani zake zimakhala tating'ono pambali pa belu. Funsaninso za lifti. Nyumba zakalezi zambiri zilibe, ndipo denga limakhala patali, moti kukafika pa "primo piano", nsanjika yoyamba, ndi kukwera masitepe ambiri ndithu.

MaiGondwe: Novembala ndi nyengo ya acqua alta, pamene nyanja imasefukira m'misewu. Chipinda chapansi chikaneni, ngakhale chitchipe. Zotchinga madzi a m'nyanja zotchedwa MOSE zinayamba kugwira ntchito mu 2020 ndipo zimaletsa madzi aakulu, koma malo otsika ngati Piazza San Marco amanyowabe. Madziwo amaphwa pakapita maola ochepa. Vuto lenileni ndi chinyontho m'makoma, ndiye funsani ngati zotenthetsera m'chipinda zimayaka usiku wonse.

Chatsika: Zoona. Komanso malo ang'onoang'onowa nthawi zambiri sakhala ndi wolandira alendo usiku. Auzeni nthawi yomwe ndege ikutera pa bwalo la ndege la Marco Polo, muwonjezerepo maola awiri, ndipo mufunse ngati amalipiritsa mukafika mochedwa.

Lungu_T: Akakupemphani mapasipoti musadabwe, lamulo la ku Italy limawakakamiza kupereka mayina a alendo kupolisi pasanathe maola 24. Msonkho wa alendo umalipiridwa pamalopo, munthu aliyense usiku uliwonse mpaka masiku asanu, ndipo ena amafuna ndalama yapamanja. Tengani adaputala, chifukwa pulagi yathu ya mano atatu siyilowa m'masoketi awo. Pa boti gulani tikiti ya masiku atatu, ya ulendo umodzi ndi yodula zedi.