Mota sakuima, gudumu limodzi likukana kubwerera pa ziro

Flipa74:
Abale, ndigawireni nzeru. Ndili ndi makina a pinball (masewera ogunda kampira kachitsulo kuti upeze mapointi) a 1974, a osewera awiri, aja a ma relay (masiwichi oyendetsedwa ndi magetsi) ndi magudumu a manambala oonetsa mapointi, opanda kompyuta m'kati. Ndikadina batani loyambira, mota wa mapointi amangozungulira osaima. Magudumu onse amabwerera pa ziro kupatula la mahandiredi la wosewera wachiwiri. Limangonjenjemera pa 7, kugunda kumamveka koma nambala osasuntha, ndipo mpira sutuluka. Ndimazimitsa msanga kuopa kuwotcha koyilo, waya wokulungidwa amene amasanduka maginito n'kuyendetsa gudumu. Kodi wafa ndi mota?

MkuluWaMawaya:
Achimwene, motayo musamukhudze, akugwira ntchito yake. Mukadina batani, reset relay, relay yobwezera manambala pa ziro, imakoka, mota n'kumatumiza magetsi pang'onopang'ono ku gudumu lililonse kuti lizisuntha nambala imodziimodzi mpaka lifike pa ziro. Gudumu lililonse lili ndi siwichi yake ya pa ziro, ndipo makina sapita patsogolo mpaka onse atanena kuti tafika. Limodzi likatsalira, mota azungulira mpaka mawa.

Poti kugunda kukumveka, ndiye kuti magetsi akufika pa koyilo. Vuto lili pa gudumu lenilenilo. Zulani pulagi kukhoma kaye, chifukwa m'bokosimo muli mawaya a magetsi a m'nyumba. Kenako kankhani plunger ya gudumulo, kachitsulo kolowa m'koyilo, ndi chala n'kuisiya. Nambala imasintha plunger ikamabwerera ndi mphamvu ya sipuling'i, ndiye iyenera kubwerera mwachangu, thwa! Ikamabwerera mwaulesi, ndi girizi wakale amene wauma ngati phula. Masulani zonse, tsukani ndi spiriti wa isopropyl, koma jambulani zithunzi musanachotse sipuling'i iliyonse.

Nachisale_EM:
Ndiwonjezere apa, chifukwa zimandiwawa ndikaona makina abwino akuwonongeka. Mafuta opopera a WD-40 ayi, chonde. Amafewetsa lero, kenako fumbi n'kumatirira kuposa kale. Mankhwala opopera otsukira masiwichi nawonso ayi: amayaka, ndipo masiwichiwa amathetheka moto. Plunger ndi kapaipi kake ka nayiloni zimafuna kukhala zouma. Musadulenso sipuling'i kuti ikoke mwamphamvu, mungobisa matenda.

Flipa74:
Zikomo nonse. Analidi girizi, wakuda bii. Tsopano gudumu likuyenda bwino mpaka pa ziro. Koma nthawi zina mota amapitirirabe, manambala onse ali pa 0. Ndikagogoda pang'ono pa gudumu lomwelo, amaima pompo.

MkuluWaMawaya:
Eya, imeneyo ndi siwichi ya pa ziro. Musathamangire kupinda timalata take. Yambani mwamanga tisikuluwu tiwiri togwira mulu wa masiwichiwo, chifukwa timatabwa totchinga pakati pake timafota ndi ukalamba, mpata n'kusokonekera. Mukatero lowetsani kapepala kolimba pakati pa timitu togundana, panani ndi zala, kokani. Muona mzere wakuda.

Ndiye yendetsani gudumu ndi dzanja kuchoka pa 9 kufika pa 0, maso ali pa siwichi, n'kuyerekeza ndi gudumu loyandikana nalo limene lili bwino. Makampani opanga makinawa, Gottlieb, Williams ndi Bally, sanalumikize mawaya mofanana: siwichi ina imatseguka pa ziro, ina imatsekeka, choncho tsatirani schematic, chojambula cha mawaya, ya makina anuwo. Ngati kupinda kukufunikadi, pindani kalata ka siwichi kafupi kosayenda kaja, cha kutsinde, pang'ono zedi. Mukamabwezera gudumu m'malo mwake onaninso mawaya a pa siwichiyo, amakonda kuthothoka pamene anawotcherera ndi mtovu mukalisolola.