K1,200,000 ya puloti ya pa Lizulu ili kuti?

Lachiwiri madzulo

aNachisale (mlembi): Mwaswera bwanji nonse. Lachinayi lapitali tinakhala pansi pa mtengo kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kupendeka, a Tcheya osabwera. Aka n'kachitatu. M'buku mwanga muli kuti pa 11 Epulo m'bokosi la banki yathu ya m'khonde munatuluka K1,200,000 ya dipoziti ya puloti ya pa Lizulu. Lero ndi pa 14 Okutobala. Pepala palibe, puloti sitinaiponde, ndipo Disembala tikugawana. Ndiwerengere ndalama imeneyi ngati chiyani?

Make Tadala: Tili anthu 24. Ndi K50,000 ya munthu aliyense imeneyo. Ine yangayo ndikuifuna.

a Tcheya (aNgozo): Zikomo a Mlembi. Lachinayi ndinali ku maliro ku Tsangano. Za puloti zikuyenda, ingodekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Make Tadala: Nkhono yanji ya miyezi 6 osatulutsa maso? Imeneyo idafera m'chigoba, a Tcheya.

aMbewe: Tiyeni tiyambire poyambira, tisanatukwanane. Mu Malichi tidagwirizana zogula malo kufupi ndi msewu wa M1, timangepo shedi yosungira kachewere ndi timashopu tiwiri ta lendi. Ndidavota nawo ndipo mpaka lero ndikuti maganizowo ndi abwino, chifukwa pa Lizulu galimoto zochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre zimaima tsiku ndi tsiku. Koma tidati ndalama idzatuluka anthu atatu akakaona malowo, akaonana ndi mfumu, n'kubwera ndi kalata. A Mlembi, ndikunama?

aNachisale (mlembi): Zili choncho. Atatuwo anali a Tcheya, aNaphiri ndi inuyo aphunzitsi.

aMbewe: Ine palibe adandiitana.

aNaphiri (msungichuma): Ngakhale ine malowo sindinawaone. A Tcheya adabwera kwathu Lachisanu m'mawa ali wefuwefu, akuti ejenti wanena kuti pali bwana wina wa ku Lilongwe akubwera ndi K3,000,000 yonse masana omwewo, tikachedwa tauponda. Osunga makiyi onse atatu adabwera, tinatsegula bokosi pakhonde panga.

aNabanda: Kiyi imodzi inali yanga. Ndinatsegula, sindikana. Ndinkaona ngati ndikupulumutsa gulu.

Make Tadala: Lamulo lathu lachinayi limati bokosi limatsegulidwa pamaso pa gulu basi. Ine ndidalipira K1,000 ya chindapusa chifukwa chochedwa ndi mphindi 20, mwana akudwala. Amene adandilipiritsa ndi omwewa.

a Tcheya (aNgozo): Amayi, ndikadapanda kuthamanga bwenzi lero mukundinena kuti ndidagona malo n'kupita. Ndalama sindinadye. Ndidapereka m'manja mwa ejenti, mwini malo ali pomwepo.

aMbewe: Risiti?

a Tcheya (aNgozo): Tidalemberana pa pepala la m'kope. Lili ndi ejenti, adati akadinditse kwa mfumu.

aMbewe: Ndiye kuti wopereka ndalama alibe pepala, wolandira ndi amene ali nalo.

Bambo a Yamikani: Pepani akuluakulu, ine ndine mwana pagulu pano koma ntchito ya kabaza imandipititsa pa Lizulu tsiku lililonse. Pa malo amene a Tcheya adandilozera paja pali uvuni wa njerwa tsopano. Ndinafunsa anyamata owotchawo, akuti ndi za amayi ena a m'banja lomwelo. Akuti malowo ndi a mbumba, mnyamata adagulitsa uja malume ake sadawauze, ndipo nkhani idafika kale kwa agulupu mu Julaye.

aNachisale (mlembi): Mu Julaye? A Tcheya, zimenezi mumazidziwa?

Make Tadala: Aona uthengawo, tinkhwakwa tawo tabiriwira. Ayankhe.

a Tcheya (aNgozo): Ndidamva. Ndinkafuna ndikonze kaye ndisanakudandaulitseni.

aNachisale (mlembi): Mu Ogasiti ndidakufunsani pamaso pa anthu, mudati kalata ili kwa mfumu, yangotsala chidindo. Ndidalemba mawu amenewo m'buku ndi dzanja langa.

Lachitatu m'mawa

Agogo aNamaseko: (akundilembera ndi mdzukulu wanga) Ana inu, ine ndidakwatiwa kuno kusanabwere mabanki a m'khondewa. Malo kuno sagulitsa munthu mmodzi. Munda umayenda ndi mbumba, ndipo mwini mbumba akapanda kuvomera, ngakhale mupereke ng'ombe, mwagula mphepo. aNgozo zimenezi akuzidziwa bwino, iwonso ndi malume a anthu kwawo. Mphwawo atagulitsa dimba la alongo awo iwo osadziwa, angangoti zikomo? Chimene chandiwawa ine si kulakwitsa kwa mu Epulo ayi. Wina aliyense ejenti akhoza kumuthamangitsa mtima. Chandiwawa ndi Julaye, Ogasiti, Sepitembala, munthu akubwera kudzakhala pampando, kutsegula ndi pemphero, akudziwa.

aMbewe: Agogo anena za mwambo, ine ndionjezere za boma, chifukwa pano ziwirizi zikugwirizana. Pali lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe adalikonzanso mu 2022. Limati pa gulupu aliyense pakhale komiti yoona za malo: agulupuwo ndiwo apampando, kuphatikiza anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Cholinga chake n'chomwechi, kuti nkhani ya malo isathere pakati pa anthu awiri kuseri kwa golosale. Komiti ikhalepo kapena isakhalepo kuderalo, njira yake ndi yomweyo: mfumu, eni mbumba, oyandikana nawo malire, kenako ku ofesi ya za malo ku khonsolo pa boma la Ntcheu. Ife tidapereka ndalama m'mawa umodzi kuti tisachedwe, ndipo tachedwa theka la chaka.

Make Tadala: Aphunzitsi, za malamulozo zili apo. Ine ndikuwerenga zanga. Chiwongoladzanja chathu ndi 20 peresenti pamwezi. Pa K1,200,000 ndi K240,000 mwezi uliwonse. Miyezi 6 ndi K1,440,000. A Tcheya abweze K2,640,000, ngati mmene tikadachitira ndi wina aliyense wotenga ndalama m'bokosi.

aNabanda: Aaa Make Tadala, mukufuna munthu agulitse nyumba? Sinali ngongole imeneyi. Tonse tidafuna puloti.

Make Tadala: Tidafuna puloti yokhala ndi kalata.

aNaphiri (msungichuma): Ndilankhuleko ngakhale ndili m'gulu la olakwa. Nambala ya Make Tadala yakula, chifukwa si mwezi uliwonse umene ndalama yonse imabwerekedwa. Ogasiti ndi Sepitembala m'bokosi munkatsala. Koma Meyi ndi Juni, nthawi yopikula kachewere ku Tsangano, ndidabweza anthu atatu chimanjamanja. Mmodzi ndi Make Tadala yemweyo, ankafuna K300,000. Adakatenga ya katapira pa 50 peresenti. Ndiye mkwiyo wawo ndikuumva.

Make Tadala: Zikomo ponena nokha. Sindinkafuna kuti zidziwike.

aMbewe: Ndipo tisaiwale kuti ndalama ikagona imaonda. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene adasunga ndalama ya feteleza pansi pa mphasa adadzuka ndi ya thumba losakwana. K50,000 ya mu Epulo si K50,000 ya mu Disembala. Ngakhale itabwera yonse, taluza kale.

Bambo a Yamikani: Pali china. Ndakumana ndi malume a mnyamata uja m'mawa uno, ndawanyamula kupita kuchigayo. Akuti mphwawo adalandira K1,000,000 yokha, ndipo adagula njinga yamoto yakale kutsidya kwa msewu, ku Mozambique. Akuti banja silikukana kubweza, koma libweza imene mwana wawo adagwira. K200,000 inayo iwo sakuidziwa.

aNachisale (mlembi): A Tcheya, m'bokosi munatuluka K1,200,000.

a Tcheya (aNgozo): K200,000 inali komishoni ya ejenti.

aMbewe: Komishoni amapereka ndi wogulitsa, malonda akatha. Apa malonda atha liti?

Bambo a Yamikani: A Tcheya, ndinu bambo anga, koma nenani nokha. Ejenti uja akamwa amayankhula.

a Tcheya (aNgozo): Adandipatsa K60,000. Adati ndi ya mayendedwe ndi mayunitsi. Sindinapemphe.

Make Tadala: Ehee!

aNabanda: Ine ndakhala ndikukuikirani kumbuyo chiyambire dzulo. Kiyi yanga ija ndinatsegulira zimenezi?

a Tcheya (aNgozo): Ndidapitako maulendo oposa khumi pa nkhani imeneyi, ndi ndalama yanga yam'thumba. Gulu lidandipatsapo ngakhale K500 ya minibasi? Zaka 5 ndikutsogolera gululi, palibe tambala idasowapo.

Agogo aNamaseko: Zaka zisanuzo n'zoona, mwana wanga, ndipo n'chifukwa chake aNabanda adatulutsa kiyi osafunsa. Maulendo khumiwo ukadabwera nawo pagulu tikadakupatsa ya minibasi, ndipo ulendo wachiwiri tikadakutsagana nawe. Koma ndalama ya ejenti itangolowa m'thumba mwako, pakamwa padatsekeka. Ukadayamba bwanji kumuthamangitsa munthu amene wadya naye?

Lachitatu usiku

aMbewe: Ndayesa kuika maganizo pamodzi, mukakane kapena kuvomera mawa pamsonkhano. K60,000 ibwere lero. K140,000 yotsala kwa ejenti ndi mutu wa a Tcheya, chifukwa munthuyo adamupeza okha: ikapanda kupezeka pofika tsiku logawana, tidula ku masheya awo. Za K1,000,000 tipite kwa agulupu Lolemba, anthu atatu, tikalembane ndi malumewo masiku obwezera, mfumu idinde, pepala likhale kwa a Mlembi. Ngati njira yake ndi kugulitsa njingayo, agulitse.

Make Tadala: Nanga chiwongoladzanja?

aMbewe: Ine ndikuti tiwerengere kuyambira Julaye, pamene adadziwa n'kukhala chete, ndipo tiwerengere pa K200,000 yokhayo. Ndi K40,000 pamwezi, miyezi itatu K120,000.

Make Tadala: Yachepa. Katapira yekha adandidya K150,000. Ndidzavota kukana, mundilembe.

aNachisale (mlembi): Ndalemba. Osunga makiyi ndi msungichuma, chindapusa chanu chili m'malamulo, K5,000 aliyense.

aNaphiri (msungichuma): Ndibwera nayo. Bokosinso ndibwera nalo, gulu lione ngati likhalebe kwathu.

aNabanda: Nanga mpando? Palibe akuutchula. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye tonse tikungozungulira.

aMbewe: Malamulo athu amati zisankho ndi Januwale, tikagawana. Koma mawa sangatsogolere mlandu wawo womwe. Akhale pamphasa ndi ife, wachiwiri wawo atenge mpando.

a Tcheya (aNgozo): Ndatumiza K60,000 pa Mpamba ya aNaphiri. Onani.

aNaphiri (msungichuma): Yafika. Yochotsera sinabwere.

a Tcheya (aNgozo): Ndidzapereka mawa pamanja. Mpando ndikhala pambali. Koma Lolemba kwa agulupu ndipita nawo, chifukwa ejentiyo kwawo ndikukudziwa ndi ine ndekha.

Make Tadala: Mupite, koma osayankhula ndi munthu kumbali. Inenso ndikhala pa atatuwo.

Bambo a Yamikani: Ndikunyamulani awiri, mafuta okha mundigulire. Koma tinyamuke 6 koloko, malume aja akatha 8 amakhala ali kudimba.

aNachisale (mlembi): Mawa 2 koloko, malo omwe aja. Bwerani ndi mapasibuku, tiwerenga bokosi lonse pamaso pa aliyense. Wochedwa K1,000.

Agogo aNamaseko: Mdzukulu wanga akuti foni yatsala pang'ono kuzima. Wina adzandidutsire, mwendo ukuvuta.