Mayi anga akakwera bwanji m'mwamba mwa A380 ali pa wilutcheya?

Moni nonse pagulu pano, ndithandizeniko nzeru abale. Mwezi wamawa ndikuyenda ndi mayi anga pa Airbus A380, chindege chosanja chija, ndiye vuto ndi loti mayi amayendera wilutcheya, masitepe sangakwere olo pang'ono, koma mipando yathu atipatsa ya m'mwamba.

Ndinaimbira kampani ya ndegeyo anangoti alemba kuti tikufuna thandizo basi, ejenti yemwe anatigulitsa matikiti akuti zikaoneka konko pa geti, ine zimenezo ayi. Kusintha mipando pa intaneti kukukanika, pansi padzadza.

Chomwe ndikudziwa n'choti ndegeyi mapiko ake ndi pafupifupi mamita 80, imafuna geti ya Code F (ya ndege zikuluzikulu kwambiri), ndipo ma eyapoti ena ali ndi mlatho wolowera m'ndege wofika m'mwamba mwenimwenimo pomwe kwina anthu onse amalowera pansi kenako nkukwera masitepe a mkati, poti alipo kutsogolo ndi kumbuyo. Nanga akaiimika patali nkutitengera pa basi?

Amene munayendapo ndi munthu wosatha kuyenda pa A380, amamukweza ndi galimoto yonyamulira ija ya ambulift mpaka m'mwamba, kapena ndilimbane nawo atisinthire pansi? Ndipo tifike maola angati ndege isananyamuke?