Kodi loboti yosesa m'nyumba ingathane ndi fumbi la ku Chilomoni?

Mayi wa ku Chilomoni

Ndikupempha nzeru kwa amene anagwiritsapo ntchito loboti yosesa m'nyumba, makina aja ozungulira ngati lichero amene amayenda okha pansi n'kumakoka fumbi. Mchimwene wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akubwera pa Khirisimasi, ndipo wandifunsa ngati angandigulire imodzi, chifukwa akudziwa kuti msana wakhala ukundivuta chibadwire mwana wanga womaliza. Sindinamuyankhe, poopa kuti angatayire ndalama pa chinthu chimene chidzangokhala pakona ngati chokongoletsa nyumba.

Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu wafumbi, ndipo kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, galimoto ikangodutsa fumbi limalowa ngakhale mazenera ali otseka. Ndimasesa m'mawa ndisanapite kuntchito, koma pobwera madzulo ndimapeza mapazi a ana atadinda pansi ngati kuti sindinagwirepo tsache. Pabalaza ndi m'khitchini muli matailosi, m'zipinda zogona muli simenti yopaka polishi wofiira, ndipo pakati pa balaza ndi kolido pali sitepe imodzi. Mwana wanga wachiwiri amadwala mphumu, moti ndikamasesa ndimayamba ndamutulutsa panja. Kodi makinawa angathane ndi fumbi lotere? Kodi pa simenti ya polishi amayenda bwino? Nanga magetsi akazima ali pakati pa ntchito, chimachitika n'chiyani?

Bambo wa ku Namiwawa

Mayi, ife tili nayo ndipo ikukwanitsa zaka ziwiri tsopano, choncho ndikuuzani zimene ndaona ndi maso anga. Fumbi imalichotsa ndithu, makamaka pa matailosi, koma mphamvu yake ili pa kusesa tsiku ndi tsiku, osati pa kuchotsa litsiro loti launjikana sabata yonse. Tsiku loyamba nditatsegula kabokosi kake kosungira zinyalala ndinasowa chonena, chifukwa mayi a kunyumba anali atasesa ndi kukolopa m'mawa womwewo, koma m'kabokosimo munatuluka fumbi lofiirira, losalala ngati ufa wosefa, limodzi ndi tsitsi, njere za mpunga ndi chipini chimodzi. Zonsezo zinachokera pansi pa mipando ndi pansi pa bedi, kumene munthu safika ndi tsache pokhapokha atagwada. Kabokosiko n'kakang'ono, kolowa pafupifupi theka la lita, moti mu Okutobala ndimakakhuthula tsiku lililonse, nthawi zina kawiri.

Chimene ogulitsa sanena n'chakuti lobotiyo imafuna kuilambulira njira. Nsapato, masokosi a ana, zingwe zotchajira mafoni ndi mphonje za kapeti, zonsezi imameza kapena kuzikulunga pa burashi yake n'kuima pomwepo. Ife inatiphunzitsa ndi neti ya udzudzu. Tinaiwala kuipinda m'mawa, m'munsi mwake mukukhudza pansi, ndipo pobwera madzulo tinapeza loboti ili phee pambali pa bedi, itakulunga netiyo mpaka kudula chingwe chimodzi chomangira kudenga. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense akadzuka amapinda neti ndi kukweza nsapato zake pamwamba. Tsitsi nalo, makamaka loluka lija lochita kugula, limazengana pa burashi yapakati, ndipo Loweruka lililonse ndimakhala pakhonde ndi lumo kulidula.

Chonyowa musaiyandikitse nacho. Madzi otayika, phala la mwana kapena matope a nsapato nthawi yadzinja, sipewa koma imadutsapo n'kupaka nyumba yonse. Koma mapiko a ngumbi, amene amauluka munthu akamawasesa ndi tsache, iyo imawatola onse osasiya ndi limodzi lomwe.

Posankha, mchimwene wanu aonetsetse mmene makinawo amapezera njira. Roomba yoyamba, imene kampani ya iRobot ya ku America inatulutsa mu 2002, inkangoyenda mpaka kugunda chinthu kenako n'kukhota, ndipo maloboti ambiri otchipa akadali otero mpaka lero: malo ena amadutsapo kasanu, ena osafikako n'komwe. Ena ali ndi kansanja kakang'ono pamwamba, mmene muli kachipangizo kozungulira kotchedwa LiDAR, kamene kamayeza mtunda wokafika pa makoma ndi kuwala kwa laser n'kujambula mapu a nyumba yonse. Oterewa amasesa motsata mizere ngati munthu wolima, amagwira ntchito ngakhale mumdima, ndipo pa foni mumatha kuwauza chipinda choti asese ndi choti asalowe. Makampani monga Roborock, Ecovacs, Xiaomi ndi Dreame amapanga a mtundu umenewu. Kwa nyumba ya zipinda zingapo ngati yanu, ine sindingakulangizeni yongogundagunda ija.

Wokonza zamagetsi ku Limbe

Ine ndiyankha mbali ya magetsi, popeza makina otere afikapo pa benchi yanga kangapo, ndipo pafupifupi onse anabwera ndi mavuto awiri okha: batire lakufa kapena tchaja yopsa.

Za mphamvu ya magetsi musade nkhawa, chifukwa ku South Africa ndi kuno n'chimodzimodzi, mavoti 230. Chosiyana ndi pulagi, pakuti yakumeneko ili ndi mano obulungira pamene masoketi athu amafuna mano atatu a makona anayi. Gulani adaputala yolimba kapena musinthitse pulagiyo, koma musamakanikize mano obulungira m'soketi pogwiritsa ntchito kamtengo monga ambiri amachitira, chifukwa pulagi yogwedera imatentha. Amene amalandira makina ochokera ku America ndi amene ayenera kusamala kwambiri, chifukwa kumeneko magetsi ndi mavoti 120. Awerenge kaye zimene zalembedwa pa tchaja: ngati palembedwa 100–240V angathe kulumikiza, koma ngati palembedwa 120V yokha, ipsa nthawi yomweyo.

Magetsi akazima loboti ili mkati mosesa, imapitiriza ntchito chifukwa imayendera batire lake, limene pa makina ambiri limatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Vuto limabwera pobwerera. Poimikira pake, pamene imatchajira, pamatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kumene lobotiyo imatsata, ndiye pakakhala palibe moto, ena mwa makinawa amazungulira kufunafuna mpaka batire kutheratu. Batire la lithium likamasiyidwa lopanda moto kwa masiku ambiri limafooka msanga, ndipo limene likanatha zaka ziwiri kapena zitatu limafa chaka chisanathe. Mukaipeza itaima pakati pa nyumba, inyamuleni muibwezere poimikira pake, ndipo ngati muchoka pakhomo kwa milungu ingapo, itchajeni kaye kenako muizimitsiretu. Tchaja nayo kawirikawiri imapsa pa nthawi imene magetsi akuyaka atazima, choncho ilumikizeni kudzera pa kachipangizo koteteza kofanana ndi kamene timaika pa firiji. Ngati muli ndi invata kapena sola, ilumikizeni kumeneko, sidya zambiri. Batire lake lalikulu ndi la mawati-ola pafupifupi 75, kutanthauza kuti yuniti imodzi ya magetsi ingalitchaje pafupifupi kakhumi.

Chimene ndingatsindike kwambiri ndi zipangizo zosinthira. Opanga makinawa amati fyuluta, kasefa kamene kamagwira fumbi m'kati mwa loboti, izisinthidwa pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo malangizo amenewo analembera nyumba zimene zili m'misewu ya phula. Fyuluta ikatsekeka ndi fumbi, loboti imaoneka ngati ikugwira ntchito, ikulira ndi kuyenda bwinobwino, chonsecho sikukoka kanthu. Kupeza fyuluta kapena burashi yogwirizana ndi mtundu wanu mu Limbe muno n'kwamwayi chabe. Mchimwene wanu agule mtundu wodziwika, ngakhale utakhala wotsikirapo, ndipo ndalama yotsalayo agulire mafyuluta osachepera anayi, timaburashi tam'mbali ndi burashi yapakati yapadera. Ngati akubwera pa basi, asunge lisiti pafupi kuti akaonetse pa chipata cha Mwanza. Dziwaninso kuti ambiri mwa makinawa amalumikizika pa WiFi ya 2.4 GHz yokha, ngakhale kuti kusesa kwenikweniko sikulira intaneti, mumangodina batani pamwamba pake.

Mayi wa ku Bangwe

Abambo awiriwa afotokoza bwino, koma funso la polishi alilumpha, mwina chifukwa sanagwadepo pansi ndi chiguduli. Mwana wanga wamkazi ali nayo loboti imeneyi, ndipo ndinakhala kunyumba kwake miyezi itatu atabereka, choncho ndinaionerera mokwanira. Pa simenti yosalala imayenda bwino ndipo fumbi imatola, koma ngati polishi wangopakidwa kumene ndipo sanapukutidwe mpaka kuuma, amamatirira ku matayala ndi ku burashi, kenako mumaona mizere yofiira pa matailosi oyera. Komanso siiwalitsa pansi. Burashi yopukutira polishi ndi chiguduli musazitaye. Ija imene amati imakolopanso, kwa ine ndimangoona ngati ikukoka kansalu konyowa kumbuyo. Supu wa nsomba akadontha n'kuuma m'khitchini, imadutsapo katatu iye ali pomwepo, ndipo pa simenti ya polishi madzi ake amasiya mikwasa.

M'makona namo imasiya fumbi, chifukwa chinthu chozungulira sichingafike pamene makoma awiri akumana, ndipo m'ming'alu ya simenti mumatsalira mchenga.

Pa nkhani ya mwana wa mphumu ndiye ndikuvomereza kuti ingathandize, chifukwa tsache limautsa fumbi m'mwamba, pamene iyo imalikokera m'kati. Amayi athu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankawaza madzi pansi asanayambe kusesa. Koma kabokosi kaja muzikakhuthulira panja, kutali ndi mwanayo, chifukwa fumbi lonse la nyumba limakhala litasonkhana pamodzi, ndipo mukakatsegulira m'khitchini mwangobweza zimene munachotsa. Muzikumbukiranso kuti fumbi la pa makatani, pa mazenera ndi pa matiresi silifikiridwa ndi makina oyenda pansi.

Mayi wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso, makamaka pa nkhani ya mafyuluta imene sindikanaiganizira n'komwe. Ndamuuza mchimwene wanga kuti asafune yokolopa, koma ayang'ane yojambula mapu, ndipo za neti ndachenjezeratu ana. Latsala funso la sitepe ija. Kodi siidzagwera m'munsi n'kusweka? Ndipo kodi ingathe kukwera yokha kuchoka pabalaza kupita m'zipinda?

Wokonza zamagetsi ku Limbe

Kugwa siigwa, Mayi, chifukwa pansi pake pali timaso timene timaunika pansi, ndipo tikaona kuti kutsogolo kulibe poponda, loboti imabwerera. Muzingotipukuta ndi kansalu kouma sabata iliyonse, popeza fumbi la kwanuko likatiphimba, imayamba kuima popanda chifukwa kapena kulephera kuzindikira m'mphepete. Timaso tomweto nthawi zina timasokonezeka ndi kapeti yakuda bii, n'kumaiona ngati dzenje.

Kukwera ndiye sikwera. Ambiri mwa makinawa amadutsa pokwera posapitirira masentimita awiri, monga chitsulo cha pakhomo kapena m'mphepete mwa kapeti, koma sitepe yeniyeni muyenera kuinyamula nokha. Imalemera makilogalamu atatu kapena anayi, choncho ndi msana wanuwo ndi bwino ntchito yonyamulayo ikhale ya mwana wamkulu. Poimikira pake muike pabalaza, mbali imene fumbi limachuluka, potsamira khoma ndiponso posatchingidwa ndi mipando, ndipo m'zipinda muziipititsa kawiri kapena katatu pa sabata. Asanagule, tengani tepi muyeze mpata umene uli pansi pa mipando ndi mabedi anu. Maloboti a kansanja aja amatalika pafupifupi masentimita 10, ndipo ngati mpatawo ndi wochepera pamenepo, mumutumizire muyezowo kuti asankhe yafupi.