Za pulojekita ya kutchalitchi kwathu

Mlembi (Lilongwe): Moni nonse. Abusa ndi seshoni atilembera kalata. Akupempha kuti pa ndalama za chitukuko za chaka chino tiwagulire pulojekita ndi laputopu, nyimbo, mavesi ndi zilengezo zizioneka pakhoma. Akuti mabuku a Nyimbo za Mulungu atsala owerengeka, enawo masamba anathothoka. Tiponye maganizo lisanafike Loweruka.

A Phiri (Johannesburg): Ine ndavomera kale. Kuno kumene ndimapemphera palibe wonyamula buku. Mnyamata amakhala kumbuyo ndi ProPresenter, pulogalamu ya pakompyuta yoonetsera nyimbo pa sikirini, ndime ikamatha ina yatulukira. Tsopano kwabweranso mapulogalamu omvetsera mlaliki, akangotchula Yohane 3:16 vesi lafika lokha pa sikirini. Tiikenso kamera kuti ife akutali tizitsatira pa Facebook. Tisatsalire abale.

Nabanda (kumudzi): Achimwene a ku Joni, kodi munabwera liti komaliza? Mawindo athu aja ndi aakulu, alibe makatani, ndipo timayamba 9 koloko dzuwa litakwera kale. Anyamata ena atabwera kudzaonetsa kanema chaka chatha anadikira mpaka kude, masana pakhoma pamangooneka mbuu. Komanso mileme ija sinasamuke kudenga. Loweruka lililonse amayi a Chigwirizano timasesa zitosi zodzadza chidebe. Makinawo mukawapachika pamenepo aphimbidwa mwezi usanathe.

A Phiri (Johannesburg): Mileme tingaithamangitse, alongo.

Nabanda (kumudzi): Tayesapo katatu. Bwerani mudzayese inu.

Chisale (Blantyre): Akuluakulu, ndiloleni ndilowepo poti zamagetsi ndiye ntchito yanga. Pulojekita wamba amadya mawati 250 mpaka 300, ndipo babu lake limatha, kenaka muyitanitse lina kunja. Fumbi la mwezi wa Okutobala likatseka sefa, makina amatentha n'kuzima okha pakati pa nyimbo. Alipo a laser omwe opanga amati amafika maola 20,000, koma mtengo wake ungatimalize. Ine ndikanakonda TV ziwiri za mainchesi 55, ina kwa abambo ina kwa amayi. Imodzi imadya mawati pafupifupi 100, masana imaoneka bwino, ndipo sola ndi batire zingakwanitse magetsi akathima. Vuto lake wokhala kumbuyo kwenikweni azivutika ngati zilembo zili zazing'ono, ndiye pa sikirini pazikhala mizere itatu kapena inayi basi. Za pulogalamu musavutike, OpenLP ndi yaulere, imagwira popanda intaneti, ndipo woyambitsa nyimbo atha kusintha ndime ali ndi foni m'manja, bola pakhale ka wifi ka m'tchalitchi momwemo.

Msungichuma (Zomba): Mawu akuti yaulerewo andisangalatsa. ProPresenter ndi EasyWorship amalipira m'madola, ndipo kwacha chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola aliyense ndimamuwerenga kawiri. Koma Chisale, sola, batire, inveta, TV ziwiri, laputopu, zitsulo za m'mawindo kuopa akuba, zonsezi thumba lathu silifika. Walira mvula walira matope. Tisaiwale kuti mjigo wa kusukulu ukudikira ndalama yomweyi.

Chisale (Blantyre): Zoona amayi. Ndipo za vesi lotuluka lokha zija, achimwene, mapulogalamuwo anazolowera Chingerezi. Abusa athu akayamba "tiwerenge kwa Aroma, mutu wachisanu ndi chitatu," kwinaku akuponya mwambi, makinawo angasokonezeke. Pakadali pano pafunika munthu wa maso ndi makutu.

A Gama (mkulu wa mpingo, kumudzi): Ana anga, ndawerenga zonse, mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Sindikukana, pakuti kalatayo nanenso ndinaivomereza ku seshoni. Koma chinthu chimodzi chikundisowetsa tulo. Buku limayenda. Limapita ku mlaga, limapita kwa odwala, limagona pa siwa, limafika kumanda. Khoma la tchalitchi silipita kumeneko. Sabata yatha pa maliro, mvula ikuwaza, mabuku analipo atatu okha, koma amayi anaimba ndime zonse chifukwa nyimbozo zili pamtima. Anaziphunzira akugwirizira buku limodzi anthu atatu. Mwana wokulira kuyang'ana pakhoma adzaimba chiyani pa siwa usiku? Ndiye mukagula zimenezo, mugulenso mabuku, ngakhale makumi asanu.

Nabanda (kumudzi): Apo mwalasa bambo. Komanso agogo ambiri sawerenga, sikirini kwa iwo ndi chokongoletsa chabe.

A Phiri (Johannesburg): Ndamva bambo, sindingatsutse. Koma achinyamata akuthawira kumene kuli zoonera, izinso tizione. Pa mabukuwo ine ndipereka makumi awiri pandekha. Kamera ndaisiya kaye.

Mlembi (Lilongwe): Funso langa ndi lakuti ndani alembe nyimbo zonsezo mu kompyuta? Ndi mazana angapo, ndipo mukalakwitsa chilembo chimodzi mpingo wonse uimba cholakwikacho. Tifunsenso ku sinodi za chilolezo, ndi ku Bible Society of Malawi za Buku Lopatulika, tisangokopera pa intaneti. Nanga woyendetsa? Mnyamata amene tingamuphunzitse lero, akalemba MSCE mawa wapita kutauni.

Chisale (Blantyre): Tiphunzitse anthu anayi, awiri akhale amayi a m'kwaya amene sakusamuka. Kulemba tigawane ife tomwe, aliyense nyimbo khumi, kuyambira zimene zimaimbidwa kawirikawiri. Ndisanaiwale, tisagule kanthu tisanayese. Ndili ndi TV ya mainchesi 43 kunyumba, ndibwereka pulojekita kwa mnzanga, ndibwere nazo Lamulungu la pa Mgonero. Tiziyatse zonse 9 koloko, a Gama akhale pa benchi yomaliza atiuze chimene akuona.

A Gama (mkulu wa mpingo, kumudzi): Ndikhala, koma magalasi anga anasweka. Muikepo wina pambali panga.

Msungichuma (Zomba): Mafuta a galimoto ya Chisale ndilipira kuchokera m'thumba la gulu, wotsutsa anene lero. Za mjigo tikambirana Loweruka, zisakwiririke.

Nabanda (kumudzi): Chisale, utenge chingwe chachitali. Soketi yogwira ili ku vesitile kokha, ya kuguwa inapsa.