Ndikufuna kuphunzira forensic psychology, ndiyambire pati?

A Admin ndibiseni dzina chonde. Ndine mtsikana wa zaka 20, ndimakhala kwa M'baluku kuno ku Mangochi. MSCE ndinakhoza bwino ndipo pano ndikudzaza fomu ya NCHE. Bambo anga akuti ndilembe unamwino basi, poti ntchito yake sisowa, koma ine mtima uli pa forensic psychology, maphunziro a maganizo a munthu othandiza pa milandu ya kukhoti.

Chinandikokera kumeneku ndi mlandu wa msuweni wanga. Ali ndi zaka 16 anatentha ukonde wa abwana ake pagombe. Asanatero anali atatha miyezi osagona, usiku kumangoyankhula yekha, ati mu injini ya boti muli anthu akumuitana. Kunyumba ena ankati ndi chamba, ena majini, mpaka anamutengera kwa sing'anga ku Makanjira. Tsiku la mlandu ndinaperekeza azakhali. Akumufunsa ngati akuvomera, iye ankangoyang'ana kudenga n'kumaseka, kwinaku akutosa ulusi wa malaya ake. Woweruza analamula kuti akamuyeze ku Zomba Mental Hospital. Kunabwera pepala la masamba awiri okha, ndipo ndi lomwe linachititsa kuti mwanayo apatsidwe mankhwala m'malo mwa chilango. Lero akusokanso maukonde. Kuyambira pamenepo ndimangodzifunsa kuti wolemba pepala lija anaphunzira chiyani.

Ndiye akuluakulu ndithandizeni: njira yake ndi iti? Ntchito ilipo, kapena ndingomvera bambo?

Yankho la amene anaphunzira psychology ku Zomba:
Mchemwali, yamba wachotsa m'mutu zija za pa TV. Mitembo ndi zidindo za zala ndi za madokotala ndi apolisi. Iwe ntchito yako idzakhala kuyankha zimene khoti lafunsa: kodi munthuyu akumva mlandu wake moti angadziteteze? Popalamula ankadziwa chimene akuchita? Akatuluka kundende angabwerezenso? Palinso luso lofunsa mwana wogwiriridwa popanda kumuikira mawu m'kamwa, ndipo limeneli ndi lovuta kuposa momwe anthu amaganizira. Poyambira ndi digiri ya zaka 4 ku University of Malawi, forensic imabwera pa masters. Ku UK umachita MSc yovomerezedwa ndi British Psychological Society, kenako zaka zosachepera 2 ukugwira ntchito pansi pa wina, ndiye ulembetse ku HCPC, bungwe lopereka chilolezo chogwira ntchitoyi kumeneko. Ku South Africa ambiri amadzera ku clinical psychology. Ndipo usanamizidwe kuti kulibe masamu, statistics inatiliza ambiri.

Yankho la namwino wa ku Namwera:
Mwanawe, bambo ako usawaone ngati sakudziwa kanthu. Mapepala ngati la msuweni wakolo kawirikawiri amalemba ndi dokotala wa matenda a maganizo kapena clinical officer. Ukhoza kuyamba unamwino, n'kudzawonjezera za mental health ku St John of God ku Mzuzu, uli kale pamalipiro. Odwala ochokera kukhoti uzidzakumana nawo ndithu.

Yankho la wina:
Forensic ku Malawi kuno? Tidzakupeza ukuyanika usipa ndi digiri yakoyo kkkk

Yankho la paralegal wina:
Osamufooketsa mwana. Zoona, malo a ntchito olembedwa kuti forensic psychologist mu nyuzipepala usawayembekezere, koma ntchitoyo ikufunika. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, High Court inagamula kuti si aliyense wopezeka wolakwa pa kupha amene ayenera kupatsidwa chilango cha imfa. Pamene akaidi aja anayamba kuweruzidwanso mu 2015, maloya ankafuna malipoti a momwe mutu wa mkaidi aliyense unalili, ndipo oti awalembe anali owerengeka. Palinso lamulo la ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, lomwe limafuna kuti mwana wolakwira lamulo aunikidwe kaye asanaweruzidwe. Ganizira ana a ku Mpemba ndi ku Chilwa, kumalo osinthira khalidwe ana olakwira lamulo, amene amakhala nawo pansi n'kuwamvetsa ndani? Ine ndikanati usadikire yunivesite. Pita ku ofesi ya Social Welfare pa boma pomwepo upemphe kuthandiza mongodzipereka, uone zimene zimafika ku Victim Support Unit ya apolisi. Ena amathawa sabata yoyamba, chifukwa tsiku lina wokhala patsogolo pako adzakhala amene anagwiririra mwana, ndipo uyenera kumumvetsera mpaka amalize. Zikadzafika pa masters, sikolashipu ya boma la UK ya Chevening imafuna zaka 2 za ntchito, ndipo Beit Trust imathandizanso Amalawi.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, ngakhale a usipa aja, poti usipa womwewo ndi umene wandilipirira fizi. Zakuti ndidzamvetsera ogwiririra sindinaziganizepo, zandikhalitsa chete. Lolemba ndipita ku Social Welfare. Pa fomu ndikuganiza zoika psychology poyamba, unamwino pachiwiri. Amayi a ku Namwera, mukadakhala inu mukanawauza bwanji bambo? Chifukwa ndikangotchula zaka zonsezi andifunsa kuti azing'ono anga atatu adzawaphunzitsa ndani.