Amalume akufuna ukhansala, kodi atule pansi udindo wa kusukulu?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Amalume anga akhala wapampando wa komiti yoyendetsa sukulu ya pulayimale kwathu kuno kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndi iwo anatsogolera makolo kuumba njerwa za midadada iwiri, ana anasiya kuphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Chisankho cha pa 16 September 2025 chitangodutsa, anthu anayamba kuwanong'oneza kuti adzaimire ukhansala mu 2030, mwina pambuyo pake uphungu. Iwo mtima wagwa kale, moti masiku ano maliro alionse a m'dera sawaphonya.

Chomwe chikundivuta ndi ichi: aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma amayenera kusiya ntchito akafuna kuimira, nanga wa komiti ya sukulu, amene salandira malipiro, lamuloli limamukhudza? Ine ndikuopanso kuti akangovala nsalu ya chipani, makolo a zipani zina asiya kubwera ku chitukuko, ndipo ndalama za sukulu ayamba kuwanena nazo.

Amene munaimirapo kapena munagwirapo ntchito ndi MEC, achoke liti mu komitimo? Ndipo apite kumapulaimale a chipani kapena aime paokha?